Ankamuitana Dzina la Wantchito wa Kwawo

Mwana wanga anabwera ku Dubai ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ine ndinali nditakhalako kale zaka zingapo, ndikugwira ntchito ya unamwino pa chipatala china, iye ali ku Zomba m'manja mwa mkulu wanga. Bambo ake tinasiyana iye akadali wakhanda, ndiye zonse za mwanayu zinali pamutu panga. Mapepala ake atatheka ndinasamuka m'chipinda chimene ndinkagona ndi anzanga ku Satwa, n'kupeza kafulati ku Jumeirah Village Circle, moyang'anizana ndi nyumba ina yosanja imene inali ikumangidwa. Ndinagula makatani achikasu ndi kapeti wamaluwa. Ndinkati mwana asadzafikire m'nyumba yooneka ngati wodi ya kuchipatala.

Anafika mwezi wa Ogasiti, nyengo imene munthu ukangotsegula chitseko chapanja mpweya umakumenya kumaso ngati watsegula uvuni. Sabata zoyambazo sankatuluka. Ankaima pazenera kuonerera amuna ovala zisoti akukweza zitsulo panyumba yomangidwayo, n'kumandifunsa kuti anthu amenewo sakomoka bwanji. Yunifomu ya sukulu tinagula yaikulu dala kuti akuliremo, ndipo tinapita nayo ku Satwa kwa telala wina wachikulire amene ankandisokera madiresi. Telalayo anamuyeza ali ndi mapini pakamwa, n'kumuuza m'Chingerezi chake chodukaduka kuti adzakhala dokotala, inshallah. Mwana wanga anafunsa tanthauzo la mawuwo, ine n'kumuuza kuti ndi Mulungu akalola, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chinali inshallah: kusamba inshallah, kutsuka mbale inshallah. Anali mwana wolongolola, wanthabwala. Ndikunena zimenezi chifukwa amene anamudziwa pambuyo pake sangakhulupirire.

Tsiku loyamba la sukulu ndinapempha ofu kuti ndimudikirire potsika basi. Anatsika akuthamanga.

"Amama, m'kalasi mwathu muli mtsikana wodziwa Chichewa!"

"Wakwathu?"

"Ayi, si wa ku Africa n'komwe. Koma wandipatsa moni, akuti muli bwanji. Amadziwa zikomo, amadziwa bwera kuno, amadziwa fulumira. Akuti tizikhala limodzi."

Ndinaseka. Ndinamuuza kuti ndiye kuti kunyumba kwa mtsikanayo kuli mayi wakwathu wolera ana, pakuti m'nyumba zambiri za kuno muli amayi a ku Malawi ogwira ntchito zapakhomo. Madzulo amenewo ndinaimbira mkulu wanga kumuuza kuti Mulungu wamupatsa mwana mnzake tsiku loyamba lomwe.

Sindingathe kuloza tsiku limene zinthu zinatembenuka. Ntchito yanga ndi ya mashifiti, ndipo masiku ambiri ndinkafika iye atadya kale. Chimene ndinayamba kuona ndi chakudya. Kabokosi kamene ndinkamuikiramo mpunga ndi nkhuku kankabwera momwe kanapitira. Kenako anandipempha kuti ndisiye kumudzoza mafuta m'tsitsi. Kenako anafuna pafyumu, mwana wamng'ono ngati ameneyo. Pambuyo pake kunabwera m'mimba. M'mawa uliwonse, basi ikatsala pang'ono kufika, ankagwira pamimba n'kupindika. Ndinkamugoneka pasofa, kumusinika uku ndi uku monga ndimachitira ndi odwala, osapeza kanthu. Loweruka ndi Lamlungu m'mimbamo munkakhala bwinobwino. Ndikamufunsa za mnzake wodziwa Chichewa uja ankangoti, "Alipo."

Lachisanu lina, poti sukulu za kuno zimaweruka msanga tsiku limenelo, ndinachoka kuntchito n'kupita kukamutenga ndekha osamuuza. Ndinali ndisanavule yunifomu ya kuchipatala. Mlonda wa pageti anandiyang'ana kamodzi n'kundilozera kumbali, kumthunzi wa mpanda kumene kumaima amayi olera ana, chifukwa yunifomu yathu ndi yawo sizisiyana kwenikweni. Sindinatsutse. Ndinakaima komweko.

Ana atayamba kutuluka ndinamuona. Patsogolo pankayenda atsikana angapo chimanjamanja, akuseka. Iye anali pambuyo, chikwama chake kumsana, zikwama za anzakewo m'manja monse, botolo la madzi la wina atalipanira kukhwapa. Mtsikana wina wa tsitsi lalitali anatembenuka n'kumukodola ndi chala.

"Iwe! Fulumira! Yalla!"

Ndinadziwa kuti ameneyu ndiye mnzake wodziwa Chichewa uja. Kenako anamuitana dzina. Linali dzina lachikazi lodziwika bwino kwathu, koma silinali la mwana wanga. Ndipo mwana wanga anafulumiradi.

Atandiona anaima chilili. Zikwama zija anazitula pansi pang'onopang'ono, maso ali pa ine. Atsikana aja anayang'ana kumene iye akuyang'ana, aliyense n'kutola chake mwakachetechete, ulendo kumagalimoto awo.

Tinakwera takisi mpaka tinalowa m'misewu yozungulirazungulira ya kwathu, imene ngakhale madalaivala amasokera. M'pamene ndinamufunsa.

"Dzina limene amakuitana lija ndi la ndani?"

"La wantchito wa kwawo."

"Chiyambire liti?"

"Kalekale."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Mumabwera mutatopa." Ankakanda mpando ndi chikhadabo. "Poyamba anali masewera. Ankati tiyeni tisewere zapakhomo, iye akhale madamu, ine wantchito, poti ndimafanana ndi wa kwawo. Inenso ndinkaseka nawo. Koma masewerawo sakutha, Amama. Belu likalira iwo amangopitiriza. Ndikakana amagwira mphuno, akuti ndikununkha kukhitchini."

"Sunawauze kuti mayi ako ndi nesi?"

"Ndinawauza. Akuti nesi ndi wantchito wa odwala."

Sukuluyo inali ndi njira yake yoperekera madandaulo a ana ovutitsidwa ndi anzawo, ndipo inkanyadira nayo. M'makonde monse munali zithunzi za ana ogwirana manja, ndi mawu owalimbikitsa kuti akaona nkhanza azinena. Kholo lililonse linali ndi apu ya sukulu pafoni, ndipo dandaulo linkaperekedwa momwemo. Ndinaitsegula Lachisanu lomwelo titangofika. Inandifunsa kuti ndisankhe mtundu wa nkhanza: kumenya, kutukwana, kulanda zinthu, kapena za pa intaneti. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Mwana wanga sanamenyedwe. Sanalandidwe kanthu, ankachita kupatsidwa. Ndinasankha kutukwana, n'kulemba zonse zimene ndinaona pageti. Nthawi yomweyo kunabwera meseji yondithokoza, ndi nambala ya dandaulo langa.

Sabata yotsatira anandiitanira kwa mlangizi wa ana, mayi wachitsikana wa mawu ofatsa, mu ofesi ya mipando yawofuwofu. Sindikufuna kumunamizira. Anali munthu wabwino, ndipo ankaikhulupirira ntchito yake. Anandiuza kuti dandaulo lililonse amalilondola mpaka kumapeto, kuti wafunsa kale atsikanawo mmodzimmodzi, ndiponso waona zimene makamera a m'makonde anajambula. Ananditembenuzira kompyuta. Ndinaona mwana wanga akuyenda ndi zikwama. Kamerayo sinkatola mawu, ndipo pachithunzi chopanda mawu, mwana wonyamulira anzake zikwama amaoneka ngati mwana waulemu.

"Atsikanawo akuti amadzipereka yekha," anatero mlangiziyo. "Ndipo za mawuwo, mtsikanayo akuti amamulankhula m'chinenero chake kuti asamadzione mlendo. Tandithandizeni, mawu akuti iwe amatanthauza chiyani?"

Ndinamuuza tanthauzo lake m'Chingerezi.

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye kuti si mawu otukwana?"

Ine ndemwe ndimamuitana mwana wanga kuti iwe tsiku ndi tsiku, ndipo sakhumudwa. Ndikanamufotokozera bwanji mayi ameneyu, m'chinenero chimene wamkulu ndi mwana, bwana ndi wantchito, onse amaitanidwa ndi liwu limodzi, kuti pali iwe wachikondi ndi iwe wopondereza munthu? Ndinayesa. Ndinanena za kamvekedwe ka mawu, za chala chokodola. Iye ankalemba akugwedeza mutu, koma ndinkaona kuti zimene ndikunena zilibe pozikhazika. Za dzina lija, mtsikanayo anali atanena kale kuti linangomupulumuka pakamwa kamodzi, poti analizolowera kunyumba.

Pomaliza mlangiziyo anaitanitsa mwana wanga m'kalasi. Anamuuza kuti chilichonse chikachitika azibwera kudzanena tsiku lomwelo, atchule malo, nthawi, ndi amene anaona.

"Tikakhala ndi zolembedwa zokwanira m'pamene tingachitepo kanthu," anatero. "Wamva, habibti?" anawonjezera, kumuitana mwachikondi m'Chiarabu.

Mwana wanga anamva. Kwa kanthawi ndithu ankapita ku ofesi ija mokhulupirika, ngati wodwala wosaphonya mankhwala. Akanena, atsikanawo ankaitanidwa m'kalasi onse akuona, makolo awo n'kulandira meseji. Mboni sizinkapezeka. Mwana aliyense wofunsidwa ankati sanamve, anali akuyang'ana kwina. Zikwama anasiyadi kumunyamulitsa, ndipo dzina lija linasiya kumveka pamene pali aphunzitsi. M'malo mwake kunabwera china. Anzakewo anamuchotsa pagulu la pafoni la kalasi lawo. Akakhala patebulo lodyera, ena ankanyamuka mwakachetechete n'kusamukira pena. Mphunzitsi akati khalani awiriawiri iye ankatsala, mpaka mphunzitsiyo achite kukakamiza wina, amene ankabwera akukoka miyendo n'kukhazika mpando wake patali. Ngakhale ana amene poyamba ankamubwereka pensulo anayamba kumulambalala, kuopa kuti mawa dzina lawo limveka ku ofesi.

"Lero kwachitika chiyani?" ndinkamufunsa.

"Palibe."

"Palibe chenicheni?"

"Palibe amene wandilankhula, Amama. Ndikanene kuti chiyani? Kuti sanandilankhule nthawi yanji, pamalo pati?"

Mwini dzina lija ndinakumana naye kunja kutayamba kuzizirirako. Ndinali nditazolowera kupita pageti Lachisanu lililonse limene ndinalibe shifiti, ndipo ngakhale nditavala zanga ndinkakaima kumthunzi wa mpanda kuja. Tsiku lina mayi wina wa yunifomu yotuwa anandiyandikira akukankha kangolo ka mwana. Anali wamkulu kwa ine, wamfupi, imvi zikusuzumira m'mphepete mwa duku. Sanandiyang'ane. Analankhula maso ali kugeti.

"Anesi, muli bwanji?"

Ndinadzidzimuka kumva Chichewa, cha kamvekedwe ka kumapiri a ku Mulanje.

"Ndili bwino, kaya inu achemwali?"

"Ndine uja dzina lake likuvutitsa mwana wanu. Pano sitingalankhule, adalaivala akuona. Madzulo aliwonse ndimapita ndi wamng'onoyu kupaki ya ku Jumeirah Lake Towers. Mukandipeze pafupi ndi mchenga wosewererapo ana."

Ndinapita Lolemba lake ndikuchokera kuntchito. Pakiyo ili pakati pa nyumba zazitali za magalasi okhaokha. Anthu otuluka m'maofesi ankadutsa ndi makapu a khofi, ena akuthamanga, ena akuyendetsa agalu. Ndinamupeza pabenchi, kamnyamata kamene ankalera kakukumba mchenga pafupi ndi mapazi ake. Tinafunsana za kumudzi pang'ono, za mvula, za tchalitchi chimene aliyense amapemphera. Kenako anayamba yekha.

"Mtsikana ameneyo ndinamulandira ali wakhanda, khosi lisanalimbe. Ndamubereka kumsana kuno ndi chitenje. Akadwala ankakana mayi ake, ankafuna ine. Mawu onse amene akunyozera mwana wanuwo ndinamuphunzitsa ndine, pomudyetsa ndi pomusambitsa. Bwera kuno, fulumira. Ndinkati ndikhale ndi wocheza naye m'nyumbamo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Wasintha atakula, ataona mmene akuluakulu amandiitanira. Panopa ngakhale ine amandikodola ndi chala."

Anandiuza kuti Loweruka anzake a mtsikanayo amabwera kunyumba, n'kudzitsekera kuchipinda ndi mafoni awo. Anali ndi gulu lawo lina, lachinsinsi. Mmenemo ankaikamo mavidiyo a mwana wanga: akunyamula zikwama, akudya yekha patebulo, akutuluka mu ofesi ya mlangizi. Pansi pa vidiyo iliyonse ankalembapo dzina lija.

"Amandiitana kuti ndibweretse juwisi. Ndikalowa amandionetsa foni, akuti taona mwana wako. Ine ndimaika thileyi pansi n'kutuluka."

"Madamu anu munawauza?"

"Ndinayesa kamodzi. Ndinati madamu, mwanayu akuchita zosayenera kusukulu. Anandiyankha kuti ntchito yanga ndi kuchapa ndi kulera wamng'onoyu, za sukulu si zanga, khalas, nkhani yatha. Tsiku limene meseji yoyamba ya kusukulu inabwera anandifunsa ngati ndimakudziwani. Ndinati ayi. Nthawi imeneyo sikunali kunama."

Ndinamugwira dzanja.

"Achemwali, zimene mwanenazi ndi zomwe akufuna kusukulu. Akungofuna mboni. Mutapita nane kamodzi kokha..."

Anapukusa mutu ndisanamalize.

"Anesi, viza yanga ili m'dzina lawo. Ndimagona m'nyumba mwawo, ndimadya chakudya chawo. Kumudzi ndili ndi ana anga, ndi mayi anga osayenda. Ndikatsegula pakamwa lero, mawa ndili m'ndege. Ndakuuzani kuti mudziwe kuti mwana wanu sakunama, poti ndamva m'nyumbamo akumuyesa wabodza. Koma dzina langa lisamveke. Lamveka kale mokwanira."

Ndinamulonjeza. Tinapatsana manambala, ndipo ananyamula kamnyamata kaja, kukasasa mchenga m'tsitsi, n'kunyamuka.

Ndinaganiza masiku angapo. Kukhala chete sindikanatha, podziwa kuti nkhope ya mwana wanga ikuyenda m'mafoni a anthu. Ndinaperekanso dandaulo lina, ulendo uno pansi pa za pa intaneti. Ndinangolemba kuti ndamva kuti pali gulu lachinsinsi ndi mavidiyo. Mlangizi anandiimbira tsiku lomwelo.

"Mwamva kwa ndani?"

"Sindinganene."

"Muli ndi vidiyo ngakhale imodzi?"

"Ndilibe."

Anapumira m'mwamba. Anati ayesetsa, koma foni ya mwana sangaitsegule popanda chilolezo cha makolo. Makolowo anadziwitsidwa Lachitatu. Mafoni anabwera ku ofesi sabata yotsatira, ali oyera ngati atsopano. Mayi wa mtsikana wa tsitsi lalitali uja anabwera yekha, ndipo ngakhale mlangizi sanatikumanitse, ndinamva mawu ake kudzera pachitseko ndili pabenchi yodikirira. Ankati mwana wake sakugona tulo chifukwa cha kuitanidwaitanidwa, ndipo ngati pali amene akuvutitsidwa, ameneyo ndi mwana wakeyo.

Lachisanu lotsatira mayi wa ku Mulanje uja sanabwere pageti. Anadzatenga ana anali dalaivala yekha. Madzulo ndinalandira uthenga wamawu, wonong'ona, madzi a pampopi akumveka kumbuyo.

"Anesi, ndili bwino. Angondichotsa pa zopita kusukulu. Musandiimbire, ndidzakuimbirani ndine."

Ndinali ndisanatchule dzina lake kwa wina aliyense. Koma m'nyumba imeneyo Mmalawi anali mmodzi yekha.

Kuyambira pamenepo mwana wanga anasiyiratu kupita ku ofesi ija. Ndikamukumbutsa ankangoti, "Chabwino," osapita. Teremu itatsala pang'ono kutha, a kusukulu anatiitana tonse awiri. Mlangizi anali wosangalala, ndipo chisangalalo chakecho chinali chochokera pansi pa mtima. Anatitembenuzira kompyuta n'kutionetsa mzere. Unayambira pamwamba, m'miyezi imene mwana ankanena tsiku ndi tsiku, n'kumatsika, kumatsika, mpaka unagona pansi.

"Mukuona? Madandaulo atha. Njira yathu yagwira ntchito." Anatembenukira kwa mwana wanga. "Zikuyenda bwanji tsopano?"

"Bwino," anatero mwana wanga, maso ali pa nsapato zake.

"Pali chimene ukufuna kundiuza?"

"Palibe. Shukran," anathokoza m'Chiarabu.

Ndinanena kuti madandaulo atha chifukwa mwana watopa kunena. Mlangiziyo anamvetsera mwaulemu. Anati akumvetsa nkhawa yanga monga kholo, ndipo chitseko chake n'chotsegula nthawi zonse, koma iye angatsate zimene zanenedwa zokha. Anandipempha kuti ndisaine kuti nkhaniyo yatsekedwa. Ndinakana. Anati palibe vuto, itsekeka yokha pakapita nthawi popanda dandaulo latsopano.

Patangopita masiku ochepa, Loweruka m'mawa, ndinkamuluka tsitsi atakhala pakapeti pakati pa miyendo yanga. Atakweza mkono kuti andipatse chipeso, malaya anatsetsereka. Khungu la pamkono linali losupuka, mizeremizere, pena patayamba kuuma, pena pakadali pofiira. Ndinakwinya mkono wina wa malayawo. Chimodzimodzi. Ndinapita kubafa, ndipo kuseri kwa mabotolo a sopo ndinapeza waya wotsukira mapoto.

Ndatsukapo zilonda zambiri pa moyo wanga, zina zoti munthu wamba sangaziyang'ane kawiri. Koma tsiku limenelo thonje linkandigwa. Iye anakhala phee pamphepete pa bedi, mikono atatambasula, osalira ngakhale mankhwala akuluma.

"Umafuna kuchotsa chiyani, mwanawe?"

"Fungolo."

"Fungo lanji? Iwe sununkha."

"Ndikudziwa, Amama. Koma ndikalowa m'kalasi ndimalimva."

Nditamaliza kumanga anandiyang'ana m'maso, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri.

"Ndibwezeni kwa amayi aakulu."

Sindinavomere msanga. Mnzanga wina wa kuntchito, wa ku Zambia, anali ndi ana ake pasukulu ina ndipo ankakhala bwinobwino, ali ndi anzawo a mitundu yonse. Anandilimbikitsa kuti ndingomusamutsa, vuto ndi gulu limenelo, si mzinda wonse. Ndinkadziwa kuti akunena zoona. Ndinayenda m'sukulu zingapo, ndipo ina inati malo apezeka chaka chatsopano chikamayamba. Ndinabwera ndi nkhaniyo kunyumba ngati mphatso. Mwana wanga anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kufunsa funso limodzi lokha: ngati kusukulu yatsopanoyo anawo ali ndi antchito kwawo. Ndinamutengeranso kwa dokotala woona za maganizo a ana. Atacheza naye payekha, dokotalayo anandiuza kuti ndimumvere mwanayo pa zimene akupempha.

Miyezi yotsalayo anaipirira chifukwa ankadziwa kuti akupita. M'mimba munasiya kupweteka tsiku limene ndinamuonetsa tikiti. Chinthu chimenecho chinandipweteka kuposa zonse, ngakhale sindinamuonetse. Sukulu zitatsekera ndinatenga tchuthi n'kumuperekeza mpaka ku Zomba. Posanja katundu, mabuku a kusukulu anawasiya onse pansi pa bedi. Pabwalo la ndege sanacheuke. Titafika, analowa m'nyumba ya mkulu wanga n'kupita molunjika kuchipinda chake chakale, ngati munthu amene anangopita kumsika. Ine ndinabwerera kuno ndekha.

Mkulu wanga akuti wayambanso kuseka, ngakhale si monga kale. Akuti kusukulu amakhoza, koma sanyamulira munthu aliyense chinthu, ngakhale mphunzitsi atamutuma amachita kaye kuima. Za kuno satchula. Ana anzake akamufunsa za nyumba zazitali amangoti kumatentha. Ndikamuuza kuti adzabwere patchuthi, kunja kukazizira, amandiyankha kuti, "Bwerani inuyo."

Mayi wa ku Mulanje uja sanandiimbire. Ndinadikira miyezi, kulemekeza zimene anandipempha, kenako ndinayesa nambala yake. Inali yosapezeka. Ndinafunsa amayi akwathu kutchalitchi, koma dzina limenelo ndi la anthu ambiri, ndipo mudzi wake weniweni sindinamufunse. Tsiku lina madzulo ndinakwera sitima mpaka ku Jumeirah Lake Towers, n'kupita kupaki kuja. Kamnyamata kaja ndinakazindikira msanga, katatalikako. Kanali ndi mayi wina, wachitsikana, wa dziko lina, atavala yunifomu yotuwa yomweija. Ndinamupatsa moni m'Chingerezi n'kumufunsa za amene analipo iye asanabwere.

"Anapita kwawo," anatero.

"Anachoka yekha, kapena anamuchotsa?"

Anakweza mapewa. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuyang'ananso ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anagwira mwanayo padzanja n'kusamukira naye mbali ina ya paki.

Ndinakhala pabenchi mpaka magetsi a m'nyumba zazitali zija atayamba kuyaka. Ndiye ndinanyamuka kukakwera sitima, chifukwa m'mawa mwake ndinali ndi shifiti.